Waya Amene Sindinamange

Olemekezeka Wapampando wa bungwe loyendetsa sukulu ino, olemekezeka Mkulu wa sukulu, olemekezeka akuluakulu oona za maphunziro a ntchito zamanja, aphunzitsi nonse, amisiri anzanga amene mwakhala kumbuyo uko mutavala majekete okuthinani, makolo, ndi inu ophunzira amene nyumba iyi yamangidwira inu: ndikupereka moni kwa nonsenu.

Kalata yondiitana itandipeza ndinaiwerenga kawiri, chifukwa inanditchula kuti katswiri wa madenga. Ndithokoze chifukwa cha ulemu umenewu, ndithokozenso onse amene anaumba njerwa, kusenza mchenga ndi kukhoma malata, mpaka nyumba yophunziriramo ukalipentala iyi yaima. Koma ndisanadule riboni, ndiloleni ndikuuzeni za denga limodzi limene m'kalatamo silinalembedwe.

Ndakhoma madenga zaka makumi anayi. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali nditakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mutu unali utakula. Tepi ndinkangoinyamula ngati chokongoletsa, ndinkayeza ndi diso. Ndinkagwira ntchito ndi mng'ono wanga, munthu wosayankhula zambiri, amene ankandipatsira misomali ndisanaipemphe. Chaka chimenecho tinadzimangira shedi yopaliramo matabwa, yoyamba kukhala yathuyathu.

Mwana wanga wamkazi, yemwe lero ndi mphunzitsi wa zomangamanga pasukulu pano, anali atabwera kutchuthi kuchokera ku maphunziro ake. Tsiku lina masana anatibweretsera madzi akumwa, n'kuima pansi pa makwerero akuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Bambo," anatero, "mitandayi mwangoikhomera pamwamba pa khoma ndi misomali. Kutsogoloku n'kotsegula, mphepo ikalowa izikankha denga kuchokera pansi. Bwanji muimange ndi waya wolowa m'khoma, mizere inayi ya njerwa kutsika?"

Iye anayankhula motsitsa mawu kuti ena asamve. Ine ndinayankha mokweza kuti aliyense amve.

"Iwe, denga la nyumba imene unabadwiramo ndinakhoma ndine, mpaka lero silinasunthe. Mabuku akowo anakwerapo padenga?"

Amisiri amene anali pafupi anaseka. Mng'ono wanga sanaseke. Anandinong'oneza kuti, "Achimwene, waya tili naye, ndi ntchito ya tsiku limodzi lokha." Ndinamuuza kuti ngati akufuna kulamulidwa ndi mwana, akagwire ntchito kwa iyeyo. Iye anangondipatsira misomali.

Patapita miyezi itatu, Lachinayi masana, ndinatuluka kukatenga matabwa. Kunabwera mphepo ya patsogolo pa mvula, yosakwana ndi mphindi khumi zomwe. Nditabwerera ndinapeza malata ali mumsewu, atapindika ngati mapepala, ndipo mtanda waukulu unali utagwera pa benchi pomwe mng'ono wanga ankapala chitseko. Tinamupeza pansi pake atatisiya kale, pensulo ikadali kukhutu kwake. Waya uja anali pakona, mpukutu wathunthu, wosamasula.

Ndikuona ena mwaweramitsa mitu. Alamu anga, amene mwakhala mzere wachiwiri uwo, mundikhululukire potsegulanso bala limeneli pagulu. Dzulo munandilola, koma ndikudziwa kuti likuwawabe. Mwalera ana atatu nokha chifukwa cha ntchito ya tsiku limodzi imene ine ndinaikana.

Mwana wanga sananenepo kuti, "Ndinakuuzani." Zaka khumi ndi zisanu zatha, ngakhale kamodzi. Akananena, mwina mtima ukanapepukako. Chichokere tsiku limenelo denga lililonse ndimalimanga ndi waya, koma ndakhala ndikuchita ngati nzeruyo ndinaitola ndekha panjira. Ndinafika pomaphunzitsa ena, iwo n'kumandiwombera m'manja. Katswiri amene mwamuitanayu ndi ameneyo, ndipo ndili ndi manyazi.

Ophunzira inu, panopa simuli oopsa, chifukwa pamene simukudziwa mumafunsa. Mudzakhala oopsa manja anu akadzazolowera, anthu akadzayamba kukutchulani bwana, ndipo wokuuzani zoona akadzakhala wamng'ono kwa inu, kapena mkazi, kapena mwana amene munamusintha matewera. Tsiku limenelo mudzatsike pamakwerero, mudzamuuze kuti, "Tabwereza ndimve bwino." Ine sindinatsike.

M'mawa uno, ndisanakhale pampando, ndinazungulira nyumbayi ndikuyang'ana m'mwamba, monga timachitira akalipentala ngakhale tili alendo. Mtanda uliwonse ndi womangidwa. Pulani yake anajambula ndi mwana wanga, ndipo pakona yakum'mawa walumikiza mitanda mwa njira imene ine sindinaionepo. Ndaiyang'ana, ndaiyang'ananso, sindikuimvetsa.

Mwananga, taimirira pang'ono. Tsiku lija ndinakuchititsa manyazi pagulu, n'chifukwa chake ndikupepesa pagulu. Unanena zoona, wolakwa ndinali ine, ndipo bambo ako aang'ono anatisiya chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Tsono mwananga, lero ndinu aphunzitsi anga: mwambo uno ukatha, mukandionetse pakona paja, ndipo mukafotokoze pang'onopang'ono chifukwa wophunzira wanu wakalamba. Ndabwera ndi kope. Pensulo yake ndi ija ya kukhutu, alamu andibwereka.

Olemekezeka nonse, ndi mtima wosweka koma wothokoza, ndikulengeza kuti nyumba yophunziriramo ukalipentala iyi tsopano yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.