Ndinapempha helikopita, zinabwera mbewa

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zolemba zanga pano. Ambiri mumandidziwa monga Yotamu wa kufupi ndi Mkaika, mlimi wa soya amene sagwirizana ndi mbuzi za anansi ake. Ochepa ndiwo akudziwa kuti ndinakhalapo mkaidi wa nkhondo m'dziko la eni, ndipo mnzanga wapamtima anatsala pang'ono kusiyidwa m'tchire kuti afe yekha. Lero ndikuuzeni mmene Mulungu anatitulutsira. Abemba amene muli pano, inu amene mumatiseka chifukwa chodya mbewa, konzekani kuseka, ndikudziwa kale kuti simundisiya.

Ndinakulira kumudzi kumene madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a m'dambo nthawi ya dzinja. Sukulu inandiyendera bwino, ndinapeza mwayi wokaphunzira kunja, ndipo kumeneko ndinalowa usilikali wa pamadzi wa dziko limenelo. Anandiphunzitsa kuyendetsa helikopita yonyamuka pa sitima ya nkhondo. Amayi anga ntchito imeneyi sanaimvetse konse. Ankandifunsa pa foni kuti, "Nanga iwe uli pamadzi kapena m'mwamba? Ine ndizipempherera ziti?" Ndinkawauza kuti azipempherera zonse ziwiri. Za pamtunda tonse tinaziiwala.

Nkhondo itabuka m'dziko lina la m'mbali mwa nyanja yamchere, ntchito yathu inali kutenga ovulala kumtunda n'kupita nawo ku sitima. Tsiku lina tili pa ulendo wokatenga anthu, zipolopolo zinaboola injini. Ndinaitsitsa movutikira m'munda wina. Tinalimo awiri, ine ndi Tomasi, mzungu wamtali amene ankasamalira ovulala m'ndegemo. Ine ndinangosupuka, koma iye chitsulo chinamung'amba ntchafu. Tisanapume n'komwe, anthu a mfuti anali atatizungulira.

Anatitengera kumudzi wina wotenthedwa n'kutitsekera m'khola lakale la mbuzi. Kunena zoona sanatimenye kwambiri. Chimene chinkatimaliza ndi njala. Tinkalandira kaphala ka mapira kamadzimadzi kamodzi pa tsiku, ndipo otilonderawo ankadyanso komweko. Bala la Tomasi linakana kupola. Munthu amene pa sitima ankandinyamula ngati thumba la chimanga anafika polephera kudzuka yekha. Kenako mkulu wa gululo anatiuza, kudzera mwa womasulira, kuti mvula ikayandikira tidzayenda wapansi kupita kuseri kwa mapiri kumene akasinthane akaidi. Woyenda adzapita kwawo. Wolephera kuyenda adzatsala pomwepo, chifukwa panalibe wa mphamvu zomunyamula. Ndinayesa kumubereka Tomasi m'kholamo kuti ndione ngati ndingathe, ndipo tinagwa tonse awiri.

Abale, apa ndi pamene mtima wanga unasweka. Tomasi anayamba kundisiyira mawu oti ndikauze mkazi wake, amene anamusiya ali ndi pakati. Ndinkatembenukira kukhoma kuti asaone misozi. Ndinapemphera, koma ndinapemphera ngati woyendetsa ndege, kumupatsa Mulungu malangizo onse. Ndinkati, Ambuye tumizani helikopita, ibwerere kum'mawa kuti dzuwa liwathobwe m'maso anthuwa, malo otera ndawaona kale kuseri kwa chitsime. Ndinkakhalira kutchera khutu kumwamba mpaka khosi kuwawa. Kumwamba kunali zii.

M'mawa wina ananditulutsa kukakunkha mapira otsalira m'munda wokololedwa. Wondilondera anali bambo wachikulire amene tinamupatsa dzina loti a Chipewa, chifukwa chipewa chawo chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Nditawerama, maso anga anagwera pa kanjira kosalala kodutsa m'ziputu. Unali mpita wa mbewa. Ndinautsatira pang'ono, ndipo ndinapeza una uli ndi dothi latsopano pakhomo. Nthawi yomweyo ndinabwerera ku ubwana, kumbuyo kwa malume anga a Gelesomu, amene ankatitenga kukakumba mbewa tikangomaliza kukolola. Manja anga anakumbuka okha. Ndinafunafuna una wothawira, ndinautseka ndi mwala, n'kuyamba kukumba ndi kamtengo.

Ndinangomva kuzizira kwa mfuti pamsana. A Chipewa ankaganiza kuti ndikufukula chida chimene ndinabisa. Anakuwa m'chinenero chawo, ine mkono uli mu una mpaka m'chigongono, chinthu chimene malume akanandikalipira nacho chifukwa cha njoka. Ndinatulutsa dzanja pang'onopang'ono, nditagwira mbewa yonona bwino. Bamboyo anayang'ana mbewa, anandiyang'ana ine, ndinaloza pakamwa panga. Anaseka mpaka kukhala pansi, mfuti ili pamiyendo. Kwawo mbewa sadya. Koma nditakumba kupitirira n'kupeza mapira amene mbewazo zinasunga mu unamo, kuseka kunatha, ndipo anagwada n'kuyamba kuwola nane.

Tsiku lotsatira anabwera ndi khasu, chitini chophikira, ndi mchere atakulunga m'tsamba. Mcherewo kumene anaupeza sindikudziwa mpaka lero.

Ntchito yaikulu inatsala kwa Tomasi. Nditatumbula mbewa zimene tinakumba, kuziwiritsa ndi mchere n'kupita nazo m'khola, anafunsa kuti ndi chiyani. Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti ndi mbewa, ndipo kwathu pa msewu wa ku Sinda anthu amaimitsa galimoto zodula kuti agule. Iye anati bola kufa. Magazi anga anawira. Ndinati, "Ifa ndithu, koma mawu ako aja sindikanena. Ndikangomuuza mkazi wako kuti ndiwo zinalipo, iwe unanyansidwa." Anatseka maso ndi mphuno n'kumwa msuzi wokha. Pasanapite nthawi anayamba kutafuna ndi mafupa omwe, ndipo tinafika pokanganirana yonona.

A Chipewa nawo anayamba ndi kukana. Kenako ndinkaona kuti ndikawamba mbewa pamoto, imodzi ikusowa, bambo atatembenukira uko masaya akugwedera. Anandilola kutchera maliwa m'munda monsemo, miyala yafulati yochirikizidwa ndi timitengo, nyambo yake timapira. Woyendetsa ndege wophunzitsidwa ndi ndalama zambiri anasanduka mkulu wa mbewa wa gulu lonse, ndipo sindinanyadirepo udindo ngati umenewo. Bala la Tomasi ndinkalitsuka ndi madzi owiritsa amchere, iye akutukwana m'chinenero cha amayi ake. Pang'ono ndi pang'ono linayamba kuuma. Anayamba kuima atagwira khoma, kenako kuzungulira khola ndi ndodo.

Mitambo itayamba kusonkhana, tsiku la ulendo linafika. Tinanyamuka matumba a malaya atadzaza mbewa zowamba ngati kamba wa panjira. Tomasi ankayenda ndi ndodo mbali ino, phewa langa mbali inayo. Pokwera phiri anayamba kutsalira, ndipo mkulu wa gulu anacheuka ndi nkhope imene ndinaidziwa tanthauzo lake. Pomwepo a Chipewa, amene anali kumbuyo kwathu, anakhala pamwala n'kuvula nsapato, akudandaula kuti yalowa munga. Gulu lonse linaima kuwadikira. Nsapato imeneyo inalowa minga pa chitunda chilichonse mpaka tinafika.

Kumalo osinthanirana kunali magalimoto oyera tsidya la kamtsinje kouma. Tomasi anachotsa dzanja paphewa langa n'kuwoloka ndi miyendo yake. Nditacheuka, a Chipewa anavula chipewa chija n'kutiweyulira nacho. Anali ndi dazi lonyezimira. Dzina lawo lenileni sindinalidziwe, koma m'mapemphero a pakhomo pathu amatchulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu amadziwa amene tikunena.

Usilikali ndinausiya n'kubwerera kumudzi. Chilimwe chathachi Tomasi anabwera kudzationa, ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, uja anali m'mimba nthawi imene tinali m'khola. Amayi anapha nkhuku, anasesa bwalo mpaka kumsewu, ndipo anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti, "Iwe Yotamu, za mbewa zakozo usandichititse nazo manyazi pamaso pa alendo." Tinasamba m'manja, tinapemphera. Tomasi anavundukula mbale, anaona nkhuku, anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa Chichewa chonse chimene ali nacho.

"Amayi, mbewa zili kuti?"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. Anadzuka, analowa m'khitchini, n'kutulutsa mpani wa mbewa umene anaubisa kudenga poopa alendo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa n'kusiya malangizo anga. Inu amene muli m'khola lanu lero, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito yatha, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze thandizo chifukwa labwera lili ndi mchira. Limbani mtima, tsiku lowoloka lilipo. Abemba, sekani tsopano, ndakulolani.

Madzulo a tsiku lija kamtsikana kanafuna kuona kumene mbewa zimakhala, ndipo tinapita nako kumunda. Ine ndinatsalira m'mbuyo dala. Kanali katagwira chala cha atate ake, kakuwakoka kuti afulumire, iwo akutsimphina pang'ono m'mizere ya soya, koma akuyenda.