Kobiriwira Kamapita Pansi

Chigalimoto chokumba ngalande chitadula chingwe cha intaneti, mkulu wina amene anapuma kalekale ntchito ya zamagetsi anauzidwa ndi akazi ake kuti asabwerere kunyumba chisanakonzedwe, poti ankafuna kuona pafoni mdzukulu wobadwira kunja. Kampani inatumiza munthu mmodzi yekha, ndipo mwatsoka anali mkamwini wake.

Mkamwini atabwerako kugalimoto ndi makina olumikizira, anayamba kuwerenga tiulusi ta m'chingwemo.

"Kabuluu, kaolenji... Bambo, kobiriwira kali kuti?"

"Pamalo pake."

"Malo ake ndi achitatu."

"Malo ake ndi pansi," anatero mkuluyo, akuloza ndi mlomo dothi lopondaponda. "Ndakakulunga kumsomali n'kukhoma. Musavutike kundithokoza."

"Sindimati ndikuthokozeni."

"Ndaona."

"Muno mulibe magetsi, bambo. Ndi galasi. Mumangodutsa kuwala."

"Kuwalako kumachokera kuti?"

"Ku ofesi."

"Ku ofesiko amayatsa makandulo?"

Mkamwini anaganiza mofatsa. "Ayi. Makandulo kulibe."

"Ehe. Kofiira ndi moto, kakuda n'kobweza moto, kobiriwira n'kapansi. Tapinki iti angoikamo kuti mtengo ukwere."

"Kofiira ndi nambala seveni."

"Ndi moto."

"Ndakagwira kale." Anaonetsa chala.

"Enanso ankaonetsa zala choncho. Tinawanyamula."

"Kupita nawo kuti?"

Mkuluyo anayang'ana kumwamba, akudzifunsa kuti mwana wake anamutola pati munthu ameneyu.

"Mitunduyi ndi yoti tisasokoneze basi," anatero mkamwini. "Kabuluu ka uku kakumane ndi kabuluu ka uko. Kalikonse kali ndi nyumba yake."

"Ndiye nyumba imodzi idikire, ena tikhale ndi moyo. Sindifukula, inunso simufukula."

"Chabwino."

Mkuluyo sanayembekezere kupambana msanga choncho, ndipo zinamukayikitsa. Mkamwini analumikiza totsalato kamodzikamodzi, n'kuyamba kutseka bokosi. Kutsidya kwa msewu telala anatuluka, nakweza foni m'mwamba pothokoza. Nthawi yomweyo foni ya mkuluyo inalira m'thumba. Anaona dzina la woimbayo, n'kuibweza momwemo.

"Akamwini, kabuluu kaja kamapita kuti?"

"Kusitolo ya mankhwala."

"Kaolenji?"

"Kwa telala."

"Nanga kobiriwira?"

"Pansi. Mwatero ndinu."

"Ndikunena kasanapite pansi."

"Oo. Kwanu."

"Bwanji simunanene?"

"Simunafunse."

Foni inaliranso. Mkuluyo anatola fosholo, naipereka ndi manja awiri.

"Fukulani."

"Nanga moto uja, bambo?"

"Wa m'chingwewo umapha kamodzi n'kukusiya. Apongozi anu aakazi simunawadziwebe. Fukulani."