Mapazi Panja

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine mayi a Estere, wa ku Mandeya, kuno ku minda ya tiyi ya kumalire ndi Mozambiki.

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa. Ndinali pa sikelo, dengu la tiyi lili kumsana. Kapitawo anabwera chipewa chili m'manja. Anati, "Mayi, amuna anu aponda bomba panjira ya kumalire." Basi.

Koma ndiyambire kale. Amuna anga anali a ku Mulanje. Asanabwere kuno ku tiyi, anamenya nkhondo ya azungu ku Burma. Wowatsogolera anali mzungu wa ku Mangalande, wamng'ono, wopanda ndevu. Asilikali ankamutcha Bwana Kamwana. Akayenda tsiku lonse m'matope, iye sankadya asanaone mapazi a aliyense. Ankafuula, "Mapazi panja!" Kenako n'kugwada, n'kumaboola matuza, n'kumapaka mankhwala. Mzungu kugwada, abale! Anawomberedwa akuwoloka mtsinje, ndipo manda ake anakumba ndi amuna anga.

Ndiye kwathu Loweruka lililonse kunali beseni. "Mapazi panja!" Ana ankandanda akuseka, bambo awo ali chogwada, akuzula minga, akutumbula matekenya.

Ine ndinkati, "Kodi munakwatira ine kapena mzungu wanuyo?"

Iwo amvekere, "Uja sankapsereza ndiwo, mayi a Estere."

Ha, masiku amenewo!

Atamwalira, mtima wanga unauma. Unauma gwa. Bombalo zinatchera ndi zigawenga za ku Mozambiki, ndiye ndinadana ndi aliyense wochokera kutsidyako. Othawa nkhondo akaodira pakhomo, ndinkatseka chitseko. Kutchalitchi ndinasiya. Beseni lija ndinaliponya kuseri, m'nthochi.

Tsiku lina masana kunafika mayi wina wothawa nkhondo, mwana ali kumbuyo. Anati, "Amayi, madzi okha."

"Mukamwe kwanu," ndinatero.

Anangotembenuka. Akuchoka, ndinaona magazi padothi pamene ndinali nditasesa. Paliponse pamene waponda, magazi. Abale, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mapazi panja!"

Mayiyo anaima. "Ndalakwanji, amayi?"

"Simunalakwe. Khalani pansi."

Ndinakatola beseni lija lili dzimbiri lokhalokha. Ndinagwada. Ndikutsuka zilondazo, ndinalira maliro amene ndinalephera kulira kumanda. Mnyamata wachizungu uja anagwadira anthu osakhala amtundu wake, ali kutali ndi mayi ake. Nanga ine ndine yani? Ambuye anandimasula pomwepo. Anandimasula, abale! Aleluya!

Mayiyo ndi uyo wakhala kumbuyoko, Rozina. Imirira akuone, mwana wanga. Mpaka lero timadyera mbale imodzi, ndipo mwana wake amanditcha mbuya, kunena kuti agogo.

Zikomo Ambuye Yesu. Zikomonso inu amene simunatope kundiyendera ndikukutsekerani chitseko. Maita basa, monga amathokozera kuno.

Tiyi sindithyolanso, msana unakana. Ndimalima nthochi. Loweruka masana ndimaika beseni pakhomo, ndipo aliyense wofika ndimamutsuka mapazi.