Batani Lofiira ndi Mutu wa a Laurenti

Limbani, wometa wa kuseri kwa msika wa Ndirande, anali atasewera timipikisano ta makadi ta pa foni, tija amati poka, kwa miyezi isanu ndi umodzi osapatako ngakhale ya mandasi, chifukwa chala chake sichinkadziwa kudikira. Loweruka limeneli mkazi wake Margret anali atagamula kuti akapanda kulowa m'gulu la anthu makumi awiri olandira mphoto, foniyo aitenga iye azigulitsira zitenje. Mpikisano wa anthu mazana atatu utangoyamba, pampando panakhala a Laurenti, mlonda wopuma ntchito, ofuna mpala woti akaonekere ku chinkhoswe.

"Madala, manja anga atanganidwa. Ndigwirireni foniyi," anatero Limbani akuwafunditsa nsalu.

"Ndingoigwira basi?"

"Makadi awiri akabwera, muzidina batani lofiirali. Kumeneko ndi kutaya makadi. Lobiriwirali ndi loponya mapointi athu onse, musaliyandikire mpaka nditamaliza kukumetani."

"Mpaka utamaliza kundimeta."

"Eya. Akatswiri amati timipikisano tating'onoti timafuna kudekha, enawo amathana okha. Ngakhale ine ndemwe nditakuchondererani, musamvere."

"Ngakhale iwe wemwe," anatero a Laurenti akugwedeza mutu. "Zamveka."

Apa mpamene Limbani anadzikumbira dzenje. A Laurenti analondera geti la kampani ina ku Limbe zaka makumi atatu, ndipo tsiku lina anamusiya panja mwini kampani, mvula ikugwa, chifukwa anaiwala chiphaso kunyumba.

Mashini analira. A Laurenti anadina chofiira, nadinanso, nadinanso, nkhope ili gwaa ngati akusayina buku la pageti. Limbani ankameta ndi diso limodzi, linalo likusuzumira paphewa pawo.

"Abwera ati, madala?"

"Seveni ndi folo."

"Ehee! Amenewo ndi abwino poopsezera. Dinani chobiriwira, onse athawa."

"Kodi seveni ndi folo ndi makadi akuluakulu?"

"Ayi, ndi zinyalala. Koma iwo sakudziwa."

"Ndiye ndiwanamize?"

"Si kunama, ndi luso!"

"Anthu oti sindinawaonepo, sanandilakwire kanthu." Anadina chofiira. "Samala khutu langa."

Limbani anapitiriza kumeta. Patapita kanthawi a Laurenti anayandikitsa foni kumaso.

"Apa abwera ofanana. Zilembo za A ziwiri."

"Chani? Mayo ine! Ma esi awiri! Madala, palibe makadi oposa amenewo padziko lapansi. Chobiriwira! Chobiriwira!"

"Wamaliza kundimeta?"

"Ndamaliza!"

A Laurenti anayang'ana pagalasi mosathamanga, natembenuza mutu uku ndi uku. Kumanja kunali mbee, kumanzere nkhalango ikadali chilili.

"Sunamalize." Anadina chofiira.

Limbani anagwira kumutu nazungulira mpando kawiri. Chiyambireni kusewera, ma esi awiri anali atamubwerera katatu kokha. Mtima unamupweteka zenizeni, moti misozi inalengeza.

"Mwandipha, madala! Lamulolo ndinaika ndine, ndiye ndikulichotsa ndine!"

"Unati ngakhale iwe wemwe."

"Uja anali ine wa m'mawa!"

"Ine ndinalembedwa ntchito ndi wa m'mawayo. Iwe wa masanawe sindikukudziwa."

"Bweretsani foni yanga!"

Dzanja la a Laurenti linalowa pansi pa nsalu pamodzi ndi foni. Kulimbana ndi munthu wa msinkhu wa bambo ako, mubabashopu yopanda chitseko, Ndirande yense akudutsa, si nkhani yoti Margret akaimve. Limbani anaona kuti njira ndi imodzi yokha, kumaliza mutuwo msanga. Anatola mashini nalowa m'nkhalango muja ngati wolima ganyu. Atangolambula kanjira kamodzi, mashini anati zii. Wailesi ya pagolosale ya aneba nayo inati zii.

"Azima magetsi," anatero a Laurenti, ngati akulengeza za nyengo.

"Ayi, ayi, ayi! Chabwino, ndimalizitsa ndi lumo."

"Lumo limanditulutsa ziphuphu."

"Sizasi?"

"Ndinapempha mpala. Sizasi simeta mpala."

"Ndiye tizingokhala?"

"Iwe uzingokhala. Ine ndili pantchito." Anadina chofiira.

Limbani anakhala pabenchi, tsaya m'manja. Ankaona kale foni yake itadzaza zithunzi za zitenje, azimayi akufunsa mitengo usana wonse. Nthawi inapita. Nthawi ndi nthawi ankadzuka kukasuzumira, ndipo nthawi zonse ankabwerako ndi ulaliki.

"Kingi ndi teni, madala! Taonani mapointi athu akutha, mpikisanowu ukumatidula pang'onopang'ono. Munthu wamwamuna sangafe chogona!"

"Mlonda sachoka pageti chifukwa kunja kwadutsa galimoto yokongola."

"Uku si kusewera! Nanga mwalowa mpikisano kuti muzingoonerera?"

"Ine sindinalowe mpikisano. Ndinabwera kudzameta." Anayang'anitsitsa pakona pa foni. "Koma kanambala aka kakungotsika. Sikakuonongeka?"

"Kanambala kati?"

"Poyamba kanali 300. Pano kakuti 41."

Limbani analumpha. Amenewo anali anthu otsala mumpikisano. Akatswiri onse oopseza ndi seveni ndi folo anali atathana okhaokha, monga momwe iye mwini analalikira m'mawa osakhulupirira. Chiyambireni, iye anali asanatsikepo pa 150.

"Madala... dinani chofiira."

"Ndikudina kale."

"Ayi, ndikungonena."

Kanambala kanafika pa 33. Kenako 27. Mapointi anali atatsala ochepa, koma analipo. Limbani anayamba kuwakupiza a Laurenti ndi nyuzipepala yakale. Kanambala katafika pa 23, wailesi ya aneba inabangula mwadzidzidzi, mashini pathebulo nawonso anayamba kunjenjemera okha.

"Ayaka!" anatero a Laurenti, nayang'ana wotchi. "Iii, mwana wanga, thu koloko yakwana! Ine ndine nkhoswe ya mwamuna, andidikira ku Chilomoni, ndipo maminibasi a Loweruka ukuwadziwa. Maliza msanga utenge foni yako."

Limbani anasuzumira. Pafoni panali kwini ndi naini, onse ofiira, okongola ngati akumuitana ndi dzina. Chala chake chinayamba kuyabwa chokha. Anachiyang'ana chalacho, ndipo kwa nthawi yoyamba anachiopa. Anthu atatu okha ndiwo anatsala kuti atuluke, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti foni ikangofika m'manja mwake, woyamba mwa atatuwo akhala ndani.

Anatola mashini nameta katsitsi kamodzi. Anabwerera m'mbuyo, napendeketsa mutu, nakapukuta ndi burashi.

"Ukutani kodi?"

"Mutu wa nkhoswe sathamangira, madala."

"Si iwe umati wamaliza kalekale?"

"Ndinalakwitsa. Taonani pagalasi, ntchito ikadalipo yambiri."

"Ndiye fulumira! Kapena landira foniyi, ndikamalizitse kwa Hamisi patsidyapa."

Limbani anabisa manja kumbuyo.

"Lamulo ndi lamulo. Munalembedwa ntchito ndi wa m'mawa uja."

"Wa m'mawayo sananene kuti ndigone pano!"

"Makadi abwera, madala, dinani!"

Anadina. Kanambala kanati 22. Uku a Laurenti maso ali pafoni, phazi la Limbani linafufuza kukhoma kuseri kwa mpando mpaka linapeza swichi. Mashini anati zii.

"Aaa, taonani! Azimanso."

A Laurenti anatchera khutu.

"Nanga wailesi ya anebayo ikulira bwanji?"

"Ya mabatire imeneyo."

A Laurenti anaganiza pang'ono, kenako anavomera ndi mutu. Miyezi isanu ndi umodzi Limbani akuopseza anthu pa foni osathawitsa ngakhale mmodzi, bodza lake loyamba kugwira ntchito linagwera nkhalamba ya mutu wometa theka.

"Basi, ndagonja," anadandaula a Laurenti. "Tenga lumo lija."

Limbani anawakonzera nsalu pakhosi mwaulemu wonse.

"Lumo limakutulutsani ziphuphu, madala. Dinani chofiira."