Kalata Yokana Kutseguka

Pa siteji ya Luchenza, mayi Nancy, otayipa makalata ku esiteti, maso anali pa chikwama cha laputopu cha mtsikana wachilendo amene anakhala nawo pabenchi.

"Koma ena mwayi! Ife zaka khumi tikulimbana ndi chikompyuta chokhosomola."

"Musasirire, amayi," anatero mtsikanayo. "Yatsopanoyi ikukana kutsegula kalata yanga yofunsira ntchito. Ndinailembera pa yakale, ndiye akutseka kulandira makalata mawa."

"Changacho chimatsegula zonse. Tiyeni kuofesi ndikakuthandizeni. Ntchito yanji?"

"Usekilitale wa abwana manijala, ku esiteti yakumtundaku."

Mayi Nancy anayang'ana kumsewu. Ntchito yomweyo iwo anali ataperekera kalata Lolemba.

"Iii, ndangokumbukira, achemwali. Kuofesi kwathu magetsi anathima, akuti mpaka Lachisanu."