Mkaka Sunandipulumutse

Abale ndi alongo, ambiri mwa inu mumandidziwa kuti ndine mdzukulu wa agogo aNaphiri a ku Njombwa, mnyamata wosayankhula uja. Ena munandionapo nditagona m'mphepete mwa msewu, nditaledzera dzuwa lili pamutu. Sindikana. Ndinali ine.

Mayi ndi bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo ndi amene anandilera. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Ankasoka fodya pa esiteti, kubwera madzulo manja ali bii, kuphika, n'kugona. Nyumba yathu inali ya zii. Ndinakula ndikungoona zinthu n'kusunga mumtima. Pagulu la anthu lilime langa linkauma.

Fomu 4 ndinakhoza, koma palibe kumene ndinapita nayo. Zinali zaka zija tonse tinkadikira makuponi a feteleza. Chaka china dzina la agogo linkatuluka, chaka china ayi. Chaka chimene tinagawana thumba limodzi ndi banja lina, chimanga chinatha msanga, ndipo ndinapita ku esiteti kukapempha ntchito. Kapitawo wa kumeneko, a Zimba, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ukuyenera sipuleya. Anthu ngati iwe sadandaula."

Ndinayamba kupopera mankhwala mu fodya. Ndinkabereka sipuleya kumsana, nditavala malaya omwe ndinkagona nawo, mapazi ali pamtunda. Mankhwala ankadontha n'kutsika ndi msana. Kabowo kotulukira mankhwala kakatsekeka, tinkakauzira ndi pakamwa. Tonse tinkatero.

Sitinkaopa, chifukwa tinali ndi chikhulupiriro chathu. Tikaweruka, aliyense wopopera ankalandira kapu ya mkaka. Ankati mkaka umatsuka chiphe m'thupi. Mkaka ukasowa, akuluakulu ankati kachasu amatsuka kuposa mkaka. Umu ndi mmene ndinayambira mowa. Poyamba ndinkati ndikumwa mankhwala. Kenako ndinkamwa ngakhale tsiku limene sindinapopere. Mumtima ndinkati mwana wamasiye akafa, ndani angadziwe kuti pachoka munthu?

Tsiku lina m'dzinja, mvula itakata, kabowo kanatsekeka. Ndinauzira monga mwa masiku onse, koma mankhwala anabwerera m'kamwa ndipo ndinameza. Posakhalitsa malovu anayamba kutuluka osaleka. Thukuta, masanzi, maso kuchita chidima. Ndinagwa pakati pa mizere.

Mnzanga Bitoni, tenanti wochokera ku Phalombe, anandinyamula kupita nane m'chigafa choumitsiramo fodya. Anathamanga kukafuna mkaka n'kundimwetsa. Ndinasanza. Anandimwetsanso. Kenako iye ndi anzathu ena anakhala pansi kudikira kuti mkaka ugwire ntchito, ine mpweya ukuchepa.

Agogo atamva anabwera. Sanafunse munthu aliyense. Anakabwereka ngolo, n'kundikweza, mpaka kumsewu kumene tinapeza galimoto yopita ku chipatala.

Nditatsitsimuka, dokotala anandifunsa zimene zinachitika. Nditamuuza za mkaka, anapukusa mutu. Anati mkaka ndi chakudya, sutsuka chiphe chilichonse, ndipo nthawi imene anthu anataya podikira ikanandipha. Ndinaganiza za anzanga amene anali akupoperabe tsiku lomwelo, akudalira kapu ija.

M'chipatalamo munkabwera amayi a mpingo kudzaona odwala. Mmodzi anaima pa bedi langa n'kundifunsa dzina. Anapemphera akutchula dzinalo pamaso pa Mulungu, ngati ndine munthu wofunika. Sindinamvepo zimenezo chibadwire. Atachoka ndinalira. Ndinauza Ambuye kuti moyo umene ndinkautaya mopanda chisoni ndi wawo, autenge. Mowa sindinausiye nthawi yomweyo. Ndinagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, koma Mulungu sanatope nane.

Dokotala uja ndi amene anandiuza kuti pali maphunziro a chitetezo cha anthu pantchito, ndipo munthu wa fomu 4 atha kulowa. Mpingo uno unandigwira dzanja, ndinapita ku koleji ina ku Lilongwe. Ndinaphunzira kuwerenga zizindikiro za pa mabotolo a mankhwala, zovala zodzitetezera, chithandizo choyamba munthu akavulala, ndi mmene ungaonere ngozi isanachitike. Kuona zinthu ndinali nditazolowera kale. Mayeso olemba sanandivute.

Koma panali mayeso omaliza. Aliyense ankayenera kupita pamalo enieni a ntchito, kusonkhanitsa antchito n'kuwaphunzitsa, woyesa ali pomwepo. Wolephera pamenepo satifiketi sankaiona. Abale anga, ine amene sindinkatha kupereka moni pa maliro, ndikanaima bwanji pamaso pa gulu? Ndinalongedza chikwama kuti ndingobwerera kumudzi. Ndisanatuluke ndinagwada, ndipo mumtima munabwera nkhope za anzanga opopera aja. Ndinamasula chikwama. Ndinapempha kuti mayeso anga akachitikire pa esiteti yomwe ndinagwera ija.

Tsikulo anthu anakhala m'chigafa, fodya akulendewera pamwamba pathu. Mayi woyesa anakhala pa mpando chakumbali. A Zimba ataona kuti mphunzitsi wake ndine, anaseka.

"Khalani bwino anthuni," anatero. "Lero mwala uyankhula."

Anthu anaseka. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Ndinaona mayi woyesa akuyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti zanga zikuthera pomwepo.

Kenako Bitoni anakweza dzanja. Sanali kuseka.

"Achimwene," anatero, "ine ndi amene ndinakumwetsani mkaka tsiku lija. Mpaka lero sindidziwa. Kodi ndinalakwa?"

Ndinaiwala gulu. Ndinangoona munthu mmodzi amene anandinyamula pamsana pake.

"Munachita zimene tonse tinkadziwa, achimwene," ndinayankha. "Koma tikanadikira pang'ono, bwenzi mutandikwirira. Munthu akameza mankhwala, musamumwetse kanthu. Muvuleni zovala zonyowazo, mumutsuke ndi madzi, muthamange naye ku chipatala. Botolo la mankhwalawo mulitenge, kuti dokotala adziwe chimene akulimbana nacho."

Mawu atayamba kutuluka, sanaimenso. Ndinathira madzi mu sipuleya, n'kuwaonetsa mmene ungatsegulire kabowo ndi kaudzu, osati ndi pakamwa. Ndinawaonetsa kupopera mphepo ili kumbuyo kwako. Mayi wina anafunsa za zigubu za mankhwala zimene amatungira madzi akumwa. Ndinamuuza kuti ngakhale atazitsuka ndi phulusa, chiphe chimatsalira, aziboole kuti mwana asadzazitolenso.

"Ndiye mkakawu tiusiye, aphunzitsi?" anafunsa a Zimba, akadali ndi kamwano pang'ono.

"Imwani, bambo, ngokoma," ndinatero. "Koma muyambe mwasamba ndi sopo."

Anthu anasekanso, koma tsopano sankaseka ine. Mafunso anachuluka mpaka mayi woyesa anachita kutiletsa. Potuluka anandiuza kuti ndiziphunzira kukweza mawu, chifukwa akumbuyo ankachita kutchera khutu. Kenako anandigwira chanza nati ndakhoza.

Satifiketi inabwera. Lero ndimayenda m'maesiteti a kuno kwathu, kuphunzitsa anthu kudziteteza. Si onse amene amamva. Eni minda ena amandiona ngati wobweretsa mavuto, ndipo magolovesi ndi majombo akadali ochepa. Koma pa esiteti ija a Zimba anaika mgolo wa madzi ndi sopo kumapeto kwa munda, ndipo Bitoni ndi amene amaletsa achinyamata kuuzira sipuleya. Ine mpaka lero ndimanjenjemera ndisanayambe kuyankhula. Ndimapemphera kaye, kenako ndimaimirira.

Ndikuyamika Mulungu amene anandidzutsa pakati pa mizere ya fodya. Anandichotsa ku mowa, anandipatsa ntchito, ndipo anatsegula pakamwa panga kuti ena akhale ndi moyo. Ulemu wonse ukhale kwa Iye.

Mwina muli muno ndipo mumadziona ngati moyo wanu ulibe mtengo. Mwina mumamwa kuti muiwale, kapena mumagwira ntchito yoopsa mukuti chimene chingachitike chichitike. Ambuye Yesu sakuonani choncho. Bwerani kwa Iye lero, monga mmene mulili. Ndipo amene mawa mukabereke sipuleya, musathamangire kunyumba tikatuluka. Ndikhala pakhonde la tchalitchi. Tidzapemphere limodzi, kenako tikambirane za ntchito yanuyo.