Ndevu za Macfussy

Pa siteji ya basi ku Najma, mumzinda wa Doha, Macfussy, dalaivala wa lole ya madzi, ankangobwereza kavidiyo kamodzimodzi pafoni uku akusisita ndevu. Mayi wina wosamudziwa atamumva akung'ung'udza m'Chichewa, anasendera pafupi.

"Achimwene, kwagwanji? Kumudzi n'kwabwino?"

"Kumudzi kulibe vuto, achemwali. Wandilakwira ndi refa uyu. Taonani, mnyamata wawakha mpira bwinobwino, touchdown yoonekeratu, iye n'kuponya kansanza kake kachikasu, kukana chigoli chathucho!"

"Ndi mpira wa ku America uja, wovala zipewa ngati a njinga zamoto? Abwana anga amaudzukira mbandakucha."

"Womwewo. Akuti holding. Mpira wake ndi wogwiranagwirana kuyambira poyamba, lero kugwira kwasanduka mlandu?"

"Tabwezani ndione. Iii, komatu jezi wamukoka uyu! Yachita kutamuka ngati legeni."

"Wangoikhudza!"

"Kukhudza kwake mpaka msana wa mnzake kuonekera? Khalas, nkhani yatha, ingovomerezani. Nanga mukudandaula chonchi, osewerawo ndi abale anu?"

"Ndinabetcherana ndi Mkenya wa m'chipinda mwathu kuti timu yanga ikaluza, ndimeta ndevu. Pano wanditumizira kale chithunzi cha lezala."

"Ndevu zake zimenezi?"

"Zomwezi. Chibwerereni ku Doha sindinazikhudze. Mkazi wanga amazinena pa video call iliyonse, akuti ndikuoneka ngati tonde, koma ndinalimba nazo."

"Basi yanga ndi iyo. Koma achimwene, mukameta muwaimbire alamuwo. Muone ngati sapempha nambala ya refayo kuti amuthokoze."